Mwala wa Achemwali

Madzulo amenewo ndinatseka nyumba ya pampu sikisi koloko, monga ndinkachitira tsiku lililonse. Ndinakolopa pansi, ndinapukuta magalasi a zithunzi, kenako ndinazimitsa makina aja amene amalankhula mlendo akadina batani. Mawu otsiriza kuzima anali anga. Ankandinyansa mawu amenewo, koma ndi amene ankandigoneka m'nyumba.

Mudziwe kaye kuti nyumba ya pampu inali chiyani. Kale inkapopa madzi mumtsinje. Makina ake atafa, munkagona mbuzi ndi zidakwa. Ndiye kunabwera anthu okonza dera lathu, a zipewa zolimba ndi mapepala m'khwapa. Anagumula mizere inayi ya nyumba za m'mphepete mwa mtsinje, n'kusiya iyo yokha, akuti njerwa zake n'zokongola. Anaipenta, naitcha Nyumba ya Chikumbutso. Eni zikumbutsozo anawakweza malole kukawatula kumapuloti, kuseri kwa fakitale ya simenti, kumene mpope umatulutsa madzi kawiri pa mlungu. Pamene panali makhonde athu anaikapo njira ya matailosi, mabenchi, magetsi ndi malo omwera khofi. Anthu achilendo anayamba kumathamangapo m'mawa atakoka agalu.

Ine ndekha ndinatsala. Anandipatsa kachipinda kumbuyo kwa holo, kuti ndizisamala nyumbayo ndi kuuza alendo za kale. Bedi, katebulo, ndi zenera loyang'ana kumadzi. Kachipinda kameneko ndinakagula ndi bodza.

Kumtsinje kuja tinali ochapa. Zovala za m'tauni, nsalu za m'mahotela, zonse zinkatsikira kwathu m'mitolo. Mayi aliyense anali ndi mwala wake, ndipo mwala wa mnzako sunkachapirapo ngakhale mwiniwake atadwala mwezi wathunthu. Mwala waukulu kuposa yonse, wosalala, wolowa pakati, unali wa achemwali anga. Kulowako anakukumba ndi manja awo, zaka zoposa makumi atatu. Ine sindinali wochapa. Madzi ozizira ankanditupitsa zala. Ndinali wa simbi: iwo achape, ine ndisite pakhonde. Kumadzi ndinkatsikirako pa ntchito imodzi yokha, ya mabulangeti. Bulangeti lonyowa munthu mmodzi salifinya. Wina amagwira uku, wina uko, n'kumapota mosiyana mpaka madzi atha. Achemwali ankangoitana ali m'madzi, "Wa simbi, tagwira uku," ine n'kusiya makala akuyaka.

Nyumba yawo inali mumzere woyamba, choncho anapita ndi malole oyamba. Yanga inali mumzere wotsiriza. Ndinawaperekeza, ndinakuona kumapuloti, fumbi la simenti likulowa mpaka m'mano. Nditabwerako ndinakakhala pamwala wawo, basi, kungowasowa. Ndi pamene anandipeza mayi wa polojekiti, amene tinkamutcha Mayi Kamera chifukwa sankaisiya ngakhale popita kuchimbudzi. Sanali munthu woipa, ndisamunamizire. Ankangofuna nkhani zokoma.

"Amayi, mwala uwu ndi wanu?"

Lole ya mzere wathu inkabwera Lachisanu. Limenelo linali Lachiwiri.

"Ndi wanga," ndinatero.

Maso ake anawala. Anati akhala akufunafuna wochapa womaliza, woti atsale pano azikamba mbiri. Anandigwiritsa nsalu, nandijambula ndikumwetulira. Anandiikira maikolofoni, ine n'kutsanulira nkhani zonse za achemwali ngati zanga, mpaka ya chaka cha chigumula, pamene anakakamira mwalawo theka la tsiku, nsalu za eni ake atazimanga m'chiuno kuti zisapite ndi madzi. Mumtima ndinkati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinasaina pepala la chipinda tsiku lomwelo.

Chithunzicho chinatuluka m'nyuzipepala, ndipo kumapuloti chinayenda khomo ndi khomo. Nditapita kukawaona, achemwali anali atachiika pamiyendo. Anali atawonda, chifuwa chikulira.

"Wasekerera bwino," anatero. "Koma nsaluyo wagwira ngati ukufuna kuisita."

Ndinadikira kuti andilalatire. Bwenzi zitandipepukira. Iwo anangopinda nyuzipepala ija.

"Kuno sindigona, mng'ono wanga. Kuli zii ngati m'botolo. Undigoneke kwako usiku umodzi wokha, ndimve mtsinje."

Pepala lija linkati chipinda ndi cha wosamala nyumba yekha, mlendo asagone. Koma vuto silinali pepala. Ndinkadziwa kuti akabwera adzapita pamwala, ndipo aliyense wowaona akuugwira adzadziwa mwini wake.

"Ndikafunse kaye kwa mabwana," ndinatero.

Sindinafunse. Anamwalira mvula isanagwe.

Tsopano tibwerere kumadzulo aja. M'mawa mwake kunali mwambo wotsegulira dera lonse, ndipo ine ndinayenera kuima pamwala pamaso pa alendo olemekezeka, n'kukamba ya chigumula ija. Mwalawo sunalinso m'madzi. Anaunyamula ndi makina, nauika pasimenti pabwalo la nyumba ya pampu, mapazi makumi anayi kuchoka kumtsinje. Anauzinga ndi tcheni, pansi pake naikapo getsi. Anauikanso molakwika. Mbali yotsika, imene wochapa amaimako, anaitsamiritsa kukhoma. Tsiku limene ankauika ndinali pomwepo. Ndinakhala chete, kuopa kuti angandifunse zambiri.

Ndinasita diresi langa, ndinalipachika pamsomali. Cha m'ma seveni mlonda anadutsa pazenera. Anali bambo wa mzere wachitatu, kale ankakumba mchenga mumtsinje womwewo, ndipo tsopano ankayenda kuchoka kumapuloti kudzalondera mabenchi amene anaima pamene panali nyumba yake. Zanga ankazidziwa zonse. Sananenepo kanthu, koma ndi iye yekha amene ankandiitanabe dzina lakale.

"Mwakonzeka, amayi a simbi? Mawa mukhala pa wailesi yakanema."

"Pitani mukalondere agalu a eni ake, achimwene."

Anaseka n'kupita kumtunda, kumene kunali kanyumba kake ka ulonda.

A khofi anatseka. Othamanga anatha. Kunangotsala mtsinje, ukuyenda pansi pa zenera langa. Ndinagona chagada ndikubwereza nkhani ija pamtima.

Phwa. Phwa. Phwa.

Kenako chete.

Ndinati ndi a khofi, akukuntha kapeti. Koma ndinawaona ndi maso anga akukhoma chitseko.

Phwa. Phwa. Phwa. Chete.

Wochapa aliyense ali ndi kamenyedwe kake. Pakhonde paja, osayang'ana, ndinkadziwa kuti uyo ndi uje, uyo ndi uje. Ena ankamenya kasanu, ena mosalekeza ngati akulipsira mwamuna. Achemwali ankamenya katatu n'kupuma, chifukwa cha phewa limene linaguluka chaka cha chigumula.

Ndinadzifunditsa kumutu. Sizinathandize, phokosolo linkalowa m'bedi momwe.

Ndinadzuka, ndinatsegula chitseko cholowera muholo, ndinayatsa getsi. Zithunzi zonse zinali m'malo mwake. Simbi yanga yakale inali pashelefu ndi kapepala kake. Beseni linali m'bokosi lake lagalasi. Koma bulangeti lotuwa limene linkakhala m'besenimo munalibe. Ndinagwira loko. Anali wokhoma, kiyi ili m'thumba langa.

Pansi, pamene ndinakolopa n'kuuma kalekale, panali madzi. Kamzere kochoka pabokosi kupita kuchitseko chachikulu. Ndinawerama kununkhiza. Mtsinje wa masiku ano sununkha kanthu, anauyeretsa. Awa ankanunkha matope ndi sopo wa mtanda.

Munthu wanzeru akanabwerera kukagona. Ine ndinatsegula chitseko.

Kunja magetsi a m'njira ankayaka bwinobwino, mabenchi ali mbee, opanda munthu. Pamwala panali mzimayi. Anaima kumbali ya kukhoma, mbali yoyenera, pampata woti ngakhale mphaka sangadutse. Diresi analikwinyira m'chiuno, mutu atawerama. Panalibe ndowa, panalibe beseni, koma madzi ankatsika pamwalapo n'kumayenda pasimenti, thovu lili pamwamba.

Anakweza bulangeti. Katatu, n'kupuma. Popumapo anagwira phewa.

"Wa simbi."

Sanadzutse mutu. Mawu ake anali a masiku onse, opanda chifuwa chija.

"Achemwali."

"Mwalawu anauika chammbuyo. Unalipo?"

"Ndinalipo."

"Osanena?"

Iwo anamenyanso katatu, nalikoka bulangetilo, nalipinda m'litali monga ankachitira. Anatambasula dzanja.

"Tagwira uku."

Sindikudziwa kuti tcheni ndinailumpha bwanji. Ndinangoona ndagwira. Bulangetilo linali lozizira ngati latuluka m'madzi a mwezi wa chisanu, ndipo linali lolemera. Kumbali inayo kunali munthu wokoka, osati mphepo. Nkhope sindinaiyang'ane. Maso anga analekera pamanja. Manjawo ndinkawadziwa kuposa anga: ming'alu ya sopo, chikhadabo chakuda, kachala kakang'ono kopindika.

Iwo anapotera kumanja, ine kumanzere. Madzi anatsika, akundilowa m'mikono mpaka m'khwapa. Bulangeti limatha madzi mukapota kanayi, likakhala lalikulu kasanu. Ili tinapota kakhumi, madzi akungotuluka.

"Achemwali, ndinaopa kumapuloti."

"Pota."

"Ndinati ndikakhazikika ndiwauza zoona."

"Pota, madzi sanathe."

Tinapota. Zala zinayamba kutupa. Khungu la m'manja linatentha, kenako linasiya kumva. Kutali galimoto inadutsa pamlatho. Ndinafuna kuitana mlonda, koma ndikanati chiyani? Bwerani mundilanditse kwa mkulu wanga?

Patapita nthawi anafunsa, mofatsa, ngati tili pakhonde.

"Chipindacho chili ndi zenera la kumadzi?"

"Lilipo."

"Umamveka?"

"Umamveka."

"Usiku wonse?"

"Usiku wonse, achemwali."

Anangoti, "Aa, chabwino." Mawu awiri amenewo anandipweteka kuposa manja. Ndinalira, mamina ndi misozi, osatha kupukuta chifukwa manja onse anali pabulangeti.

"Tiyeni mukagone," ndinatero. "Bedi ndayala. Ine ndigona pansi."

Kupota kunaima. Mtsinje womwe unakhala ngati waima.

"Unafunsa kwa mabwana?"

Kumbali inayo anayambanso kupota, ndipo ine ndinapota nawo. Sitinalankhulanenso.

Kunja kunayamba kuyera ndili chiimire. Magetsi a m'njira anazima okha. Ndinamva nsapato za mlonda zikutsika, kenako zinaima kumbuyo kwanga. Ndinamuona pakona ya diso akuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi a simbi," anatero motsitsa. Kenako anatembenukira kukhoma, nawerama pang'ono. "Mwadzuka bwanji, amayi."

Pomwepo bulangeti linalefuka. Mbali inayo inagwa pamwala, thapsa. Nditadzutsa maso, kukhoma kunalibe munthu.

Tisanalankhulane, lole ya mipando ndi matenti inalowa, kumbuyo kwake galimoto ya Mayi Kamera. Anandipeza m'kati mwa tcheni, ndi chovala chogonera, ndili chonyowa kuyambira kukhosi mpaka kumapazi. M'manja munali mutasupuka. Bulangeti la m'bokosi lagalasi linali litapotana ngati chingwe, lothothoka ubweya. Bwalo lonse, pamene ankafuna kuyala kapeti ya alendo, linali madzi ndi thovu.

Ndinamuuza Mayi Kamera pomwepo, pamaso pa onyamula mipando. Ndinati mwalawu si wanga. Ndinati sindinachapepo ngakhale mpango pamwala umenewu, nkhani zonse zija n'za mkulu wanga amene munamukweza lole, ndipo anafera kumapuloti akupempha usiku umodzi. Ndinati muuchotse kukhoma, mwauika chammbuyo.

Anandigwira mapewa, maso ake ali ndi chisoni chenicheni.

"Mwatopa, amayi. Takulemetsani ndi zokonzekerazi."

"Funsani mlonda. Waona."

Onse anayang'ana mlonda. Iye anayang'ana chipewa chake.

"Ine ndangowapeza ali okha, bwana."

Sindimuda. Ali ndi ana asanu, ndipo ntchito za kumtsinje zinatsala ziwiri zokha, yake ndi yanga. Anachita zimene ndinachita ine, ndiye ndingamunene chiyani.

Anandilowetsa m'chipinda, anandimanga mabandeji, anandipatsa tiyi wa shuga wambiri. Wina anakhala pakhomo kuti ndipume bwino. Mwambo unachitika. Ndili pabedi ndinamva mawu anga pa zokuzira mawu, akusimba mmene ndinakakamirira mwala madzi akundikoka. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Kalata inabwera patatha mlungu. Inali yaulemu kwambiri. Inkandithokoza, inkadandaula za thanzi langa, inkatchulanso bulangeti, lomwe akuti linali chuma cha dera. Bulangeti limenelo ndinawapatsa ndine, tinkafunda ndi achemwali tili atsikana. Chipinda akuti chikhala sitolo ya timakadi ndi timabuku. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti asinthe chikwangwani cha pamwala. Mayi Kamera anati n'chachitsulo, anachita kuumba, ndipo polojekiti yatsekedwa. Anandikumbatira. Ine sananditumizire lole, katundu wanga anakwana pa kagalimoto kakang'ono.

Kumapuloti nyumba ya achemwali inali ikadali yopanda munthu. Ndinalowa momwemo. Anthu a mizere inayi ija anandilandira monga amalandirira munthu amene akhala akumudikira kuti agwe. Moni ankandipatsa, pampope ankandisiyira malo, koma ndikatembenuka ankanong'ona. Ena ankati mutu unandizungulira ndi manyazi, ndinatsegula bokosi ndekha n'kutunga madzi usiku wonse. Ena ankati ayi, mwini mwala anangobwera kudzasinthana nane malo. Mkazi wa mlonda anauza mnzake pampope, mokweza kuti ndimve, kuti zenera la sitolo ija amalitseka madzulo aliwonse, m'mawa n'kulipeza lili pululu.

Ndinapirira chaka. Kenako tsiku lina ndinakwera minibasi, ndinatsika pamlatho, ndinayenda panjira ya matailosi ngati mlendo. Pabwalo panali gulu la alendo, ndipo ndinaima kumbuyo kwawo. Ankawatsogolera bambo wina wa malaya a yunifolomu, munthu amene sindinamuonepo kumtsinje chibadwire. Mwala unali pomwepo, chammbuyo. Chithunzi changa chinali pachitsulo, ndikumwetulira, nsalu nditaigwira ngati ndikufuna kuisita.

"Awa ndiwo anali wochapa womaliza," anatero bamboyo. "Anaukonda mwalawu moti sanathe kusiyana nawo. Anamwalira, koma alonda athu amati mpaka lero amabwerabe." Anatsitsa mawu, nagogoda pachitsulo ndi chala. "Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma."

Alendo anafuula mokondwa. Mafoni anakwera m'mwamba. Mayi wina anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, ndinkamutchinga.

Ndinasuntha. Kenako ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Amene amabwerayo si ameneyo," ndinatero. "Ndi mkulu wake."

Bamboyo anandiyang'ana kumaso, chithunzi chili pambali pake penipeni. Anamwetulira mwaulemu.

"Pepani agogo, m'mabuku athu mulibe mkulu wake. Tiyeni tonse tilowe, mukamve mawu awo enieni."

Gulu linalowa. Ndinatsala ndekha patcheni. Ndinawalanda achemwali mwala, ndinawalanda nkhani zawo, ndinawamana usiku umodzi. Tsopano akuchoka kumanda kudzachapa, ndipo woyamikiridwa ndine.

M'kati wina anadina batani.